Funsani Tikuyankheni: Asodzi a pa ayisi ku Nunavut

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nsomba, koma osati chambo kapena usipa ayi, nsomba za kumpoto kwenikweni kwa Canada uko komwe nyanja imauma gwaa mpaka anthu kumayendetsapo njinga zamoto. Zikuoneka kuti pali timavidiyo tomwe takhala tikuzungulira m'magulupu a WhatsApp nde mwatipanikiza nato. Tasankhapo makalata 6, ena tawadulako pang'ono poti anthu ena mumalemba ngati mukuyankha mayeso a Fomu 4.

Achimwene, mwana wanga wandionetsa pa foni anthu atavala zikopa akukoka zinsomba zaphwatalala pa kadzenje ka pa ayisi, kumbuyo kwawo kuli kanyumba kangati kachimbudzi. Ine ndawedza zaka zambiri koma izi zandizunguza mutu. Ndi zenizeni kapena ndi zopanga pa kompyuta zatchukazi? Nanga ndi azungu a mtundu wanji amenewa? — Bambo wa ku Nkhotakota

Ndi zenizeni bambo, ndipo si azungu. Ndi a Inuit, eni nthaka a kumeneko, omwe mabuku akale a ku pulayimale ankawatchula kuti ma Eskimo koma dzina limenelo ambiri mwa iwo salifuna. Munthu mmodzi amati Inuk, akachuluka ndi Inuit. Ku Canada ali m'zigawo zinayi ndipo chachikulu ndi Nunavut, chomwe chinakhala dera paokha pa 1 Epulo 1999. Kukula kwake Malawi angalowemo ka 17 koma anthu ake pa kalembera wa 2021 sanakwane ndi 37,000 omwe, amakhala m'midzi 25 ndipo palibe msewu olo umodzi wolumikiza mudzi wina ndi unzake. Ukafuna kukaona achibale mudzi wina ndi ndege basi, kapena boti nthawi yotentha, kapena snowmobile, kanjinga kamoto koyenda pa ayisi kaja. Likulu lawo ndi Iqaluit, dzina lake limatanthauza malo a nsomba zambiri.

Mmene mwafotokozeramo ndikuganiza kuti mwaona asodzi a ku Pangnirtung pa chilumba cha Baffin, mudzi wa anthu pafupifupi 1,500 womwe uli pafupi ndi nyanja yotchedwa Cumberland Sound. Nsomba yaphwatalalayo amati turbot, ena Greenland halibut, maso ake onse awiri anakhalira mbali imodzi ndipo imakhala pansi penipeni.

Kawedzedwe kake ndi aka. Kuyambira cha m'Januwale kapena Febuluwale ayisi akalimba, munthu amamangirira chilei chachitali chamatabwa, iwo amati qamutiik, kumbuyo kwa snowmobile, kulongedzapo mafuta, chitofu, zingwe, mbedza ndi kanyumba mwakaonako, nkuyenda maola angapo pamwamba pa nyanja. Kanyumbako si kachimbudzi ayi kkk, ndi mogona ndi mothawira mphepo chifukwa kuzizira kumafika -30 ndipo amatha masiku ali konko. Akafika amaboola dzenje, nkuika nyambo ya tizidutswa ta nsomba pa mbedza zambirimbiri zomangiriridwa pa chingwe chimodzi chachitali. Tsono vuto nali, inu monga msodzi mwaliona kale: ukangoponya chingwe pa dzenje limodzi chikangounjikana malo amodzi pansi ngati mulu wa zingwe za mbatata, ulibe bwato loti uziyala uku ukupalasa. Nde kutsogolo kwa chingwecho amamangako chitsulo chaphanthiphanthi ngati chidutswa cha lata, chikamamira sichipita molunjika, chimatsetsereka cham'mbali kunsi kwa ayisi nkumakoka chingwe kuti chikayalike bwinobwino pansi. Ndipo pansi pakepo si pafupi, malo ena kumapitirira mamita 1,000, pomwe nyanja yathu ya Malawi pozama kwambiri ndi cha m'ma 700. Akadikira maola angapo amakoka, kale ankapukusa ndi manja pano ambiri ali ndi tiinjini. Nsomba ikangotuluka pa dzenje siichedwa kuuma gwa, za ayisi wogula pa doko iwo sazidziwa, firiji ndi dziko lomwelo.

Chomwe ambiri sadziwa nchoti usodzi wa turbot umenewu si wa makolo ayi. Unayamba mu 1986, asodzi a ku Greenland ndi omwe anabwera kudzaphunzitsa anzawo a ku Pangnirtung. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina chifukwa anthu ankadalira kugulitsa zikopa za seal, nyama ya m'nyanja yomwe amasaka, kenako mu 1983 maiko a ku Ulaya analetsa zikopa za tiana ta nyamazi ndipo msika wonse unagwa, ngakhale a Inuit sankasaka tiana timeneto. Nde turbot inabwera ngati populumukira. Pano m'mudzimo muli fakitale ya Pangnirtung Fisheries yomwe imagula nsombazo, kuzikonza nkuzitumiza kunja, zambiri zimakathera ku Asia.

Ine ndimaoda nsomba kunyanja nkumagulitsa mu Limbe. Ndamva kuti nsomba yawo ina yofiira mkati imadula kwambiri m'mahotela a ku Canada. Nde ngati anthu ndi ochepa chonchi ndipo mitsinje ndi mbwee, bwanji osangogwira zambiri nkulemera? Kapena ndi ulesi? — Mayi wa geni, Limbe

Ulesi ayi mayi, anayesapo kale zimenezo ndipo zinawawotcha.

Nsomba mukunenayo ndi Arctic char, m'bale wake wa trout ndi salmon, mnofu wake wofiirira komanso wamafuta. Khalidwe lake likufananako ndi mpasa womwe umakwera mtsinje wa Bua, kusiyana kwake nkoti char imatsikira ku nyanja ya mchere ayisi akasungunuka, kukadya kwa masabata owerengeka okha, kenako cha mu Ogasiti ndi Seputembala imakweranso mtsinje kubwerera ku nyanja zing'onozing'ono za kumtunda chifukwa madzi a mchere m'nyengo yozizira siingawapirire. Tangoganizani, kudya kokhuta mwezi umodzi kapena iwiri pa chaka, miyezi ina yonse kungokhala. Nde imakula pang'onopang'ono zedi, nsomba yabwino yogulitsa imakhala ya zaka 10 kapena kuposa, ndipo yaikazi siikira mazira chaka chilichonse, imadumphitsa. Usipa mukaukokolola chaka chino chaka chamawa wina wabadwa kale. Char mukaikokolola mudikira mwana wanu amalize pulayimale.

Komanso poti zonse zimadutsa pakamwa pa mtsinje umodzi nthawi imodzi, kuzimaliza nkosavuta. Pafupi ndi Iqaluit pali mtsinje wa Sylvia Grinnell, anachitapo usodzi wa malonda kuyambira m'ma 1940, nsomba zinachepa mpaka malondawo anatsekedwa m'ma 1960. Ku Cambridge Bay, komwe eni ake amati Iqaluktuuttiaq kutanthauza malo abwino owedza, malonda a char anayamba mu 1960 ndipo pasanathe zaka 10 nsomba za mu mtsinje wa Ekalluk zinayamba kutuluka zing'onozing'ono chifukwa aliyense ankathamangira pomwepo. Anautseka kaye kuti upume, ndipo phunziro lomwe anatolapo ndi lomwe likugwira ntchito mpaka lero: mtsinje uliwonse ukhale ndi mulingo wakewake wa makilo ololedwa, kota, osati ija ya ku yunivesite inatikanganitsa ija ayi. Ekalluk yake, Halokvik yake, Jayko yake. Kota ikakwana mumachotsa maukonde olo nsomba zikudutsabe mukuziona ndi maso. Matchera ake maso ake asachepere mainchesi 5 ndi theka kuti zing'onozing'ono zizipyola, ndipo mitsinje ina amatchinga ndi mpanda nsomba nkumalowa mu khola zamoyo, apo amatha kusankha zazikulu nkutulutsa zotsalazo. Ndege yotera pamadzi ndi yomwe imakatenga nsomba ku misasa kupita nazo ku fakitale ya Kitikmeot Foods, nde mukamva kuti ikudula ku hotela dziwani kuti ndalama yambiri yadyedwa ndi ndege.

Mpandawo si nzeru ya a boma, makolo awo ankamanga mipanda ya miyala mu mtsinje, amati saputit, nkumabaya nsomba ndi mkondo wa mano atatu wotchedwa kakivak. Malo ena miyalayo ilipobe.

Ndipo mudzi ukafuna kuyamba kugulitsa nsomba za mtsinje watsopano sungodzuka nkuyamba. Amaupatsa kaye layisensi yoyeserera ya makilo ochepa, kwa zaka ngati 5 asodzi amayeza nsomba kutalika ndi kulemera, nkuchotsa kafupa kakang'ono ka m'mutu komwe kali ndi mizere ngati ya pa chitsa cha mtengo, powerenga mizereyo amadziwa zaka za nsombayo. Akaona kuti zikuluzikulu sizikutha mpomwe amavomereza. Ambiri kumeneko amadandaula kuti zimachedwa kwambiri ndipo mitsinje yambiri siinawerengedwe nkomwe poti kutumiza wasayansi kumalo kopanda msewu ndi ndalama zankhaninkhani, dandaulo lomveka ndithu.

Koma chachikulu mayi nchoti char ndi ndiwo ya pakhomo isanakhale katundu. Inu mukaoda nsomba zonse pa doko, a pamudzipo nkumadya bonya wa fumbi, mukudziwa mmene zimawawira. Iwo lamulo lawo linaika poto patsogolo, msika pambuyo. Nchifukwa chake ine ndimaona kuti turbot ija inawakwanira bwino, poti ndi nsomba ya pansi kwambiri yomwe makolo awo ku Pangnirtung sankaidalira pa chakudya, kuigulitsa sikulanda mwana aliyense ndiwo.

Ndili mu komiti ya asodzi ya pa doko lathu, BVC. Timalanda maukonde oletsedwa koma mawa lake timawaona abwerera m'madzi, ena akuluakulu adyapo kangachepe. Mitima yathu inafooka. Kwa a Inuit amapanga malamulo ndani, boma kapena mafumu? Ndipo boma limawamvera? — Bambo wa ku Mangochi

Pepani bambo, ntchito mukugwirayo ndi yosayamikika.

Kwawoko mafumu ngati athu kulibe. Chomwe chilipo ndi pangano lomwe a Inuit anasayinirana ndi boma la Canada mu 1993 la za nthaka ya Nunavut, chaka chomwechonso kuno pulogalamu yoti asodzi azitenga nawo mbali inkayamba ku Malombe, zinangochitika mwangozi koma nzosangalatsa kuziika pamodzi. Kusiyana kwake nkoti lawolo ndi pangano lotetezedwa ndi malamulo aakulu a dziko, boma likaphwanya amalitengera ku khoti, ndipo analitengerako kale.

Mwachidule zimayenda chonchi. Mudzi uliwonse uli ndi bungwe la alenje ndi asodzi, amangoti HTO, mamembala ake ndi anthu a m'mudzimo ndipo komiti amasankha okha. Pamwamba pali bodi yotchedwa Nunavut Wildlife Management Board, ya anthu 9: anayi osankhidwa ndi mabungwe a Inuit, anayi ndi maboma, kuphatikiza wapampando. Bodi imeneyi ndi yomwe imagamula za kuchuluka kwa nyama kapena nsomba zoti zigwidwe. Pakakhala kuti paikidwa malire, gawo loyamba ndi la zosowa za a Inuit eni, zotsala nzomwe zimapita kwa ena. Inuk wofuna ndiwo za pakhomo safunika layisensi. Koma ndisakunamizeni kuti ndi paradaiso, pa za nsomba mawu omaliza amakhalabe ndi nduna ya boma la Canada ku Ottawa, ikhoza kukana chigamulo cha bodi, kungoti imayenera kulemba zifukwa zake, siingangokhala chete kapena kuyankha pa msonkhano wa ndale.

Za kumvera, pali nkhani imodzi yomwe ndimaikonda. Mu 2005 anadula gawo la mkati mwa Cumberland Sound kuti likhale la asodzi a ku Pangnirtung, ndi kota yawoyawo ya matani 500 pa chaka, yosiyana ndi ya sitima zikuluzikulu za kunyanja yaikulu. Mzere wa malire anaujambula pa mapu cha pakati pa nyanjayo. Asodzi ankanena kuti mzerewu uli polakwika, nsomba zomwe timagwira kuno nthawi ya ayisi ndi zomwezo zimasamukira kuseri kwa mzere wanuwo nthawi yotentha, nde sitima zikadzawedza kumeneko zikudya nkhokwe yathu. Mukudziwa mmene a maofesi amamuonera msodzi akamayankhula. Kenako asayansi anagwira ma turbot nkuwaika tizipangizo totulutsa kaphokoso, pansi pa nyanja anatchera zomvetsera, ndipo zinaoneka kuti nsombazo zimadutsadi mzerewo monga mmene anthu ankanenera. Mzere unasunthidwa kupita cha kukamwa kwa nyanjayo. Nzeru za makolo zimenezi iwo amazitchula Inuit Qaujimajatuqangit, mwachidule IQ, ndipo boma la Nunavut linazilemba kuti zizitsatidwa pa ntchito zake. Chondinyansa ine nchoti panafunikabe makina odula kuti mawu a msodzi akhale zoona, koma bola anasuntha.

Kuno chofananako ndi ku chilumba cha Mbenje ku Salima, komwe ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira m'ma 1950 ndipo anthu amamvera kuposa mmene amamverera chiletso cha boma. Konseko chomwe chikugwira ntchito ndi chimodzi, wotseka ndi wotsegula ndi munthu yemwe adzagone ndi njala nsombazo zikatha. Komabe tisafanizire mopyola, mtsinje wa char umawedzedwa ndi mabanja owerengeka odziwana mayina, pomwe doko lanu limodzi mwina lili ndi asodzi ochuluka kuposa mudzi wonse wa ku Nunavut, ena obwera dzulo ochokera kutali. Kulondera anthu 20 ndi kulondera anthu 2,000 si ntchito imodzi.

Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Canada ndipo ndinapitako ku Nunavut pa kontrakiti ya miyezi itatu. Zomwe ndinaona mu shopu zinandiimitsa mutu, kabichi mmodzi mtengo wake ungagule thumba la makala kwathu, ndipo ana ena ankabwera ku chipatala asanadye. Tsiku lina mayi wina wachikulire anandibweretsera nsomba yathunthu youma ndi ayisi atakulunga mu katoni, ndalama anakana. Funso langa: ngati nyanja yawo ili ndi chuma chonchi, ndalama zake zikupita kuti? — Chemwali wa ku Edmonton

Achemwali mwafunsa funso lomwe eni akenso akhala akufunsa kwa zaka zambiri. Zomwe munaonazo ndi zoona, kafukufuku wa za umoyo wa a Inuit wa mu 2007 ndi 2008 anapeza kuti pafupifupi mabanja 7 mwa 10 aliwonse ku Nunavut ankavutika kupeza chakudya chokwanira, m'dziko lolemera ngati Canada. Katundu wolemera amabwera pa sitima nthawi yotentha yokha ayisi akatseguka, zamasamba ndi mkaka ndi pa ndege, ndipo olo boma linayambitsa sabuside ya Nutrition North mu 2011 mitengo ikadali yolasa.

Tsono ndalama zenizeni za nsomba sizili pa kadzenje ka pa ayisi kaja ayi, zili kunyanja yaikulu pakati pa Baffin ndi Greenland komwe sitima zokhala ndi fakitale mkati momwemo zimakoka turbot ndi shrimp, tizilombo todyedwa ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu, matani masauzande. Kwa nthawi yaitali gawo lalikulu la kota ya m'madzi amenewa linali m'manja mwa makampani a kummwera, a ku Newfoundland ndi Nova Scotia, eni dera akungoonerera magetsi a sitima usiku. Atalimbana, chigawo cha kumpoto chomwe amachitcha 0A chinaperekedwa chonse kwa a Nunavut, cha kummwera 0B amagawanabe ndi akunja kwa deralo. Poyamba analibe sitima nde kota yawo ankangobwereketsa kwa eni sitima nkumalandira kangachepe, ngati munthu wobwereketsa dimba lake kwa wina nkumagulanso tomato wa m'dimba momwemo. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kugula zawo. Baffin Fisheries, yomwe inayamba mu 2001, eni ake ndi mabungwe a alenje a midzi isanu, Iqaluit, Pangnirtung, Kimmirut, Clyde River ndi Pond Inlet. Arctic Fishery Alliance ndi ya midzi ina inayi ya kutali kwambiri, Qikiqtarjuaq, Arctic Bay, Resolute ndi Grise Fiord, ndipo palinso Qikiqtaaluk Corporation, kampani ya a Inuit a chigawo cha Baffin. Mu 2005 anakhazikitsanso bungwe lophunzitsa achinyamata ntchito za pa sitima ku Iqaluit, chifukwa kukhala mwini sitima koma kapitawo ndi mainjiniya onse ndi obwera, malipiro onona amakwerabe ndege kupita kummwera.

Koma bowo lalikulu lomwe ndalama zimathawira ndi doko. Sitima ikadzaza kulibe koti ikocheze nkutsitsa katundu kufupi ndi komwe ikuwedza, nde imawoloka kukatsitsa ku Greenland kapena kutsika mpaka ku Newfoundland. Mafuta imathira konko, zakudya za ogwira ntchito kugula konko, otsitsa katundu ndi a mafiriji ndi a konko. Dera la Nunavut lomwe lili ndi gombe lalitali kuposa chigawo china chilichonse cha Canada linapeza doko lake loyamba la maboti a asodzi mu 2013, ku Pangnirtung, pomwe kummwera madoko otere alipo mazanamazana. La sitima zazikulu ku Iqaluit linatsegulidwa mu 2023, ndipo mu 2021 boma linalengeza ndalama zomangira lina ku Qikiqtarjuaq komwe kuli kufupi ndi malo owedzawo. Ine ndimati aliyense wokamba za kutukula usodzi wa m'midzi imeneyi koma osatchula doko, firiji ya mudzi ndi mtengo wa ndege akungocheza.

Ndipo ndalama ya pa ayisi ija olo ili yochepa poyerekeza, ili ndi ubwino wake woti imagwera m'thumba la munthu wa m'mudzi mwachindunji, m'miyezi yomwe ganyu kulibe. Yomweyo ndi imene amagulira petulo, zipolopolo ndi masipeyala a snowmobile kuti akasake seal kapena caribou, mphalapala ya kwawoko, nyama yomwe akabwera nayo amagawira achibale ndi okalamba. Mayi anakupatsani nsomba aja sanachite zachilendo, kwawoko chakudya cha kutchire ndi cha m'madzi chimagawidwa, midzi yambiri ili ndi firiji yaikulu ya onse ndipo pakabwera nyama amalengeza pa wailesi ya m'mudzi kapena pa Facebook kuti bwerani ndi mapepala apulasitiki. Moti nkhani yogulitsana okhaokha chakudya chimenechi imawagawa, achikulire ena amati nzosayenera, achinyamata amati nanga petulo tigula ndi chani.

Zoona amadya nsomba yaiwisi? Sadwala? — Mtsikana wa Fomu 3, Dedza

Zoona mwanawe. Char youma ndi ayisi amaidula tizidutswa nkudya yosaphika, amati quaq, azimayi amadulira kampeni kawo kokhota ngati mwezi kotchedwa ulu, nthawi zambiri atayala katoni pansi banja lonse litazungulira. Ina amaing'amba, kuichekacheka mizere nkuiyanika pa mitengo kuti iume ndi mphepo, imeneyo amati pitsi, ina amaphika kapena kuwamba ngati ife. Kumalo kopanda nkhuni ndi ndiwo zamasamba kudya zosaphika kunkawathandiza kupeza mavitamini omwe moto umaononga. Iwenso ukawauza kuti kwanu mumadya mbewa ndi ngumbi akhoza kukufunsa funso lomwelo. Koma usakayesere pa chambo kapena mlamba wa kuno, nsomba za m'madzi otentha zosaphika zikupatsa njoka za m'mimba.

Paliponse tikumva za kusintha kwa nyengo. Nanga ayisi akadzasungunuka anthu amenewa adzawedza bwanji? Kapena zidzawakomera poti nyanja idzatseguka? — Mphunzitsi wa ku Karonga

Aphunzitsi, kwa msodzi wa ku Pangnirtung ayisi ndi msewu, ndi bwato, ndi firiji, zonse pamodzi, nde akavuta zonse zavuta. Zinaoneka kale. Kumayambiriro kwa ma 1990 usodzi uja unali pa chimake, chaka china anagwira matani opitirira 400, koma m'ma 2000 kunabwera zaka zoti ayisi ankachedwa kugwira, kapena mphepo ya mkuntho nkumuswa pakati pa sizoni, anthu osafika pa malo akuya pomwe pali nsomba, ena kutaya zingwe ndi zida zomwe zinapita ndi ayisi wosweka. Zaka zina nsomba zomwe zinafika ku fakitale zinali matani owerengeka chabe, ambiri anangosiya. Ayisi atabwereranso bwino anthu anabwereranso. Nde nsomba zikhoza kukhalapo mbwee pansi, kota ya matani 500 ili pa pepala, koma osaikwanitsa chifukwa popondapo palibe. Nchifukwa chake akhala akuyesa zowedza ndi maboti nthawi yotentha, ndipo doko la 2013 lija linamangidwanso ndi maganizo amenewo.

Kuwedza pa boti nako kuli ndi mutu wake, shaki. Kuli shaki wina wa m'madzi ozizira, Greenland shark, waulesi poyenda koma amakonda kudya nsomba zokodwa pa mbedza nkudzikulunga mu chingwe. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amakhala zaka zosachepera 270, mwina mpaka 400, ndipo wamkazi amayamba kubereka ali ndi zaka cha m'ma 150. Nde mukamupha mmodzi pofuna kupulumutsa chingwe mwapha chinthu chomwe mwina chinabadwa Livingstone asanafike pa nyanja yathu. Asodzi amalimbikitsidwa kumumasula wamoyo, zomwe si zophweka chinyama cha mamita atatu chitadzikulunga ndi mbedza zako zonse manja ali gwa ndi chisanu.

Kwa char nako zinthu zikusintha, mitsinje ina madzi amaphwera nthawi yomwe nsomba zikukwera mpaka anthu amachita kukachotsa miyala ndi manja kuti zipeze njira, ndipo cha kumadzulo maukonde ayamba kukola salmon za ku Pacific zomwe kale zinali zosowa kumeneko.

Zoti nyanja ikatseguka ziwakomera, ikatseguka imatsegukira aliyense, ndipo oyamba kufika amakhala a sitima zazikulu osati a kaboti ka injini imodzi. Anthu a ku Canada akukumbukirabe 1992 pomwe boma linatseka usodzi wa nsomba yotchedwa cod ku Newfoundland nsomba zitatheratu, anthu pafupifupi 30,000 ntchito nkuwathera tsiku limodzi. Mwina mantha amenewo ndi omwe anathandiza kuti mu 2018 ku Ilulissat ku Greenland, Canada, America, Russia, Norway, Denmark, China, Japan, South Korea, Iceland ndi European Union asayinirane kuti pakatikati pa nyanja ya Arctic pasachitike usodzi wa malonda mpaka asayansi adziwe kaye zomwe zilimo. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo ndi la zaka 16, a bungwe loimira a Inuit a m'maiko osiyanasiyana, Inuit Circumpolar Council, anali nawo pa zokambiranazo ndipo mawu oti nzeru za eni nthaka zizigwiritsidwa ntchito analowa mu panganolo. Ana a Fomu 1 omwe mukuwaphunzitsa panowa adzakhala ali ndi mabanja awo pomwe zaka 16 zimenezo zizidzatha mu 2037, muwauze adzafunse kuti zinatha bwanji.